Kufungatira Mazira a Nalimata Pakhomo

Nalimata ndi kanyama kokwawa ka m'gulu la abuluzi, ndipo mitundu yake yambiri imaswana poikira mazira. Wamkazi sakhalira mazira ake. Akaikira amawafotsera m'dothi lachinyontho kapena kuwabisa mumng'alu, n'kuchoka osabwererakonso. Zoti mazirawo aswa kapena asukusa zimadalira kutentha ndi chinyezi cha pamalopo. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique zimenezi zimangochitika zokha. Nalimata wa m'nyumba, amene akatswiri a zamoyo amamutcha Hemidactylus mabouia, amasiya timazira tiwiri toyera, tozungulira, ta chigoba cholimba, kuseri kwa kabati kapena mumng'alu wa khoma, ndipo nyengo yofunda ya kumeneko imatiswa popanda munthu kukhudzapo.

Ku Markham zinthu sizili choncho. Mzinda umenewu uli m'chigawo cha Ontario ku Canada, kumpoto chakum'mawa kwa Toronto, m'dera la York Region, ndipo pa kalembera wa mu 2021 unali ndi anthu 338,503. M'tchire la Ontario mulibe nalimata ndi mmodzi yemwe. Buluzi yekhayo wachilengedwe m'chigawo chonsecho ndi Plestiodon fasciatus, wa mizere isanu pamsana, amene amatetezedwa ndi malamulo. Analimata onse opezeka m'nyumba za ku Markham ndi owetedwa, amakhala m'mabokosi a galasi kapena a pulasitiki, ndipo makolo awo anachokera kumayiko otentha. Dzira loikiridwa m'nyumba yotere silingadalire nyengo ya panja. Woweta ndiye ayenera kulipatsa zinthu zitatu: kutentha kosasinthasintha, chinyezi chokwanira, ndi malo oti likhale osagwedezeka kwa milungu yambiri.

Mitundu imene imawetedwa kwambiri

Ongoyamba kumene amakonda nalimata wamawanga, Eublepharis macularius, amene m'masitolo a ziweto amagulitsidwa ndi dzina loti leopard gecko. Kwawo ndi kumadera ouma a miyala a ku Afghanistan, Pakistan, Iran ndi kumpoto chakumadzulo kwa India, ndipo Edward Blyth wa ku Britain ndiye anamulemba koyamba m'mabuku a sayansi mu 1854. Ali ndi zikope zotha kuphethira, sakwera khoma losalala, ndipo amasunga mafuta mumchira wake wonenepa. Akasamalidwa bwino amakhala zaka 15 mpaka 20.

Mtundu wachiwiri ndi Correlophus ciliatus, wodziwika kuti crested gecko, amene ali ndi timinga tofewa toyambira pamwamba pa maso kutsikira kumsana. Amachokera ku zilumba za New Caledonia m'nyanja ya Pacific. Alphonse Guichenot anamufotokoza mu 1866, kenako kwa zaka zambiri anthu ankayesa kuti mtunduwu unatha, mpaka pamene anapezekanso mu 1994. Lero wachuluka m'manja mwa oweta chifukwa safuna kutentha kwambiri ndipo amadya phala la zipatso logulitsidwa ngati ufa m'mapaketi. Palinso Hemitheconyx caudicinctus wa ku West Africa, wa mchira wonenepa, amene mazira ake amasamalidwa mofanana kwambiri ndi a nalimata wamawanga.

Mitundu itatu yonseyi imaikira mazira awiri nthawi imodzi, ngakhale wamkazi woikira koyamba nthawi zina amaikira limodzi. Chigoba chake n'chofewerapo, ndipo chimalowetsa ndi kutulutsa madzi komanso mpweya. N'chifukwa chake dzira labwino limakula pamene masiku akupita. N'chifukwa chakenso limafota msanga likakhala pouma, ndipo limafufuma n'kuola likakhala ponyowa kwambiri. Malangizo onse a kufungatira amachokera pa khalidwe limeneli la chigoba.

Zofunika kuganizira poyamba

Ntchito imayamba wamphongo ndi wamkazi asanakumane n'komwe. Nalimata wamawanga wamkazi akakwerana ndi wamphongo amatha kusunga umuna m'thupi n'kumaikira mazira amoyo kwa miyezi ingapo, awiri pa milungu iwiri mpaka inayi iliyonse. Kumpoto kwa dziko lapansi nyengo yoikira imayamba cha mu Januwale kapena Febuluwale n'kutha cha mu Seputembala, ndipo wamkazi mmodzi atha kutulutsa ana oposa 10 pa nyengo imodzi. Mwana aliyense amafuna bokosi lake, kutentha kwake ndi chakudya chamoyo. Munthu amene alibe malo osungira anawo kwa miyezi yambiri, kapena sakudziwa amene adzawatenge, amachita bwino kufungatira mazira ochepa okha. Oweta ena amaika mazira otsala mufiriza tsiku lomwe aikiridwa, mluza usanakule, kenako n'kuwataya.

Ku Ontario, malamulo onena za nyama zachilendo zimene munthu angasunge pakhomo amakhazikitsidwa ndi khonsolo ya mzinda uliwonse, choncho zololedwa ku Toronto kapena ku Vaughan sizifanana ndendende ndi za ku Markham. Woweta ayenera kuwerenga lamulo la ziweto la khonsolo ya Markham, makamaka ngati akuganiza zogulitsa. Lamulo la chigawo lotchedwa Provincial Animal Welfare Services Act, la mu 2019, limafuna kuti aliyense wosunga nyama aipatse chisamaliro choyenera. Mitundu ina ya nalimata ili pansi pa pangano la CITES, limene limayang'anira malonda a nyama zakutchire pakati pa mayiko. Chitsanzo ndi Lygodactylus williamsi, kanalimata kabuluu ka m'nkhalango ya Kimboza ku Tanzania, kamene kanaikidwa pamndandanda woyamba wa panganoli pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016 chifukwa kankagwidwa mochuluka n'kugulitsidwa kunja. Wongoyamba kumene agule analimata oswedwa m'manja mwa oweta, osati ogwidwa kutchire.

Chibadwa cha makolo nachonso n'chofunika kuchidziwa. Kwa zaka zambiri oweta akhala akusankha analimata potengera maonekedwe, ndipo maonekedwe ena amabwera pamodzi ndi matenda. Analimata amawanga otchedwa Enigma amadwala nthenda ya ubongo imene imawachititsa kupendeka mutu, kuzungulirazungulira ndi kuphonya chakudya. Otchedwa Lemon Frost amatuluka zotupa pakhungu, ndipo kafukufuku wa ku University of California, Los Angeles, wofalitsidwa mu 2021, anasonyeza kuti vutoli limayenderana ndi jini yotchedwa SPINT1. Pakati pa a ku New Caledonia, kukweretsa awiri a mtundu wa Lilly White kumabweretsa ana ena amene amafera m'dzira kapena atangoswa. Nalimata amene makolo ake sakudziwika ndi wabwino kumusunga ngati chiweto, koma si woyenera kuyambira kuswanitsa.

Kukonzekeretsa wamkazi

Kuikira mazira kumadya thupi la wamkazi. Wamawanga sayenera kukweretsedwa asanakwanitse chaka chimodzi komanso asanafike magalamu 45 mpaka 50, ndipo mchira wake uyenera kukhala wodzaza. Wa ku New Caledonia adikiridwe mpaka afike magalamu 35 mpaka 40. Chigoba cha dzira chimapangidwa ndi kashiyamu wochokera m'thupi la mayi, choncho tizilombo timene akudya tiziwazidwa ufa wa kashiyamu ndi vitamini D3. Wamkazi wosowa kashiyamu amafewa mafupa, nsagwada ndi miyendo zimapindika, ndipo mazira ake amatuluka osalimba.

M'bokosi lake muikidwe kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro ndi bowo lolowera, yodzazidwa ndi ndere za sphagnum kapena ufa wa makoko a kokonati wonyowetsedwa, kuya kwake masentimita 5 mpaka 8. Mazira oyamba a wamawanga amabwera pakatha milungu iwiri kapena itatu chikwererane. Akayandikira, amaoneka pakhungu la kumimba ngati timibulu tiwiri toyererapo, wamkazi amasiya kudya, ndipo amayamba kukumba. Akasowa malo achinyontho amaikira m'mbale ya madzi kapena pouma, ndipo mazira otere kawirikawiri amawonongeka. Ngati wakumba kwa masiku angapo osaikira, akufooka ndipo maso alowa, n'kutheka kuti mazira akanirira m'mimba. Vuto limeneli limapha, ndipo limafuna dokotala wa ziweto wodziwa nyama zokwawa. Woweta adziwiretu kumene dokotala wotere ali nyengo yoikira isanayambe.

Pogoneka mazira

Mazira sasiyidwa m'bokosi la mayi, chifukwa amatha kuponderezedwa, kuuma kapena kutembenuzidwa. Amasamutsidwira m'kontena ina yokhala ndi chivindikiro chothina, mmene mwaikidwa vermiculite kapena perlite. Zonsezi ndi timiyala topepuka tofufumitsidwa ndi moto, timene timasunga madzi koma sitiola, ndipo timagulitsidwa m'masitolo a zamaluwa ndi a ziweto. Pogula, woweta aonetsetse kuti thumbalo silinasakanizidwe ndi feteleza.

Madzi amayezedwa pasikelo, osati ndi maso. Pa magalamu 100 a vermiculite pamathiridwa magalamu 100 a madzi, pamene pa magalamu 100 a perlite pamathiridwa magalamu 80. Vermiculite wosakanizidwa bwino akafinyidwa m'manja amaumbika, koma sadontha madzi. Akadontha ndiye kuti madzi achuluka, ndipo awonjezeredwe wouma. Zosakanizazo zimayalidwa masentimita 3 mpaka 5, kenako chala chimabowola timaenje tosazama togonekamo mazira, motalikirana pang'ono kuti limodzi likaola lisakhudze linzake.

Njira yodalirika yosungira chinyezi ndi iyi: kontena yonse, pamodzi ndi mazira ndi chivindikiro, imayezedwa pasikelo tsiku loyamba, ndipo kulemera kwake kumalembedwa pachivindikiro. Sabata iliyonse imayezedwanso. Ngati yapepuka ndi magalamu asanu, madzi olemera magalamu asanu amathiridwa m'mbali mwa kontena, kutali ndi mazira. Madziwo akhale ofunda mofanana ndi m'makina ofungatirira, ndipo asadonthere pa dzira. Kutsegula chivindikiro kwa kanthawi kochepa kamodzi pa sabata kumakwanira kulowetsa mpweya watsopano, koma masiku oswa akayandikira kumafunika kutsegula pafupipafupi, chifukwa mluza waukulu umapuma kwambiri. Timadontho tochepa m'mbali mwa kontena si vuto. Madontho akuluakulu olendewera kuchivindikiro apukutidwe asanagwere pamazira.

Kutola mazira osawatembenuza

Aliyense amene anawetapo nkhuku amadziwa kuti thadzi limatembenuza mazira ake kangapo patsiku kwa masiku 21, ndipo makina oswera anapiye amachitanso chimodzimodzi. Amene angachite zimenezi ndi mazira a nalimata atha kuwapha onse. Dzira la nkhuku lili ndi timinyewa tiwiri togwira mbali yachikasu kuti mluza uzikhala pamwamba ngakhale dzira litazungulira. Dzira la nalimata lilibe timinyewa timeneti. Pakangopita nthawi yochepa chiikiridwire, mluza umamatirira mkati mwa chigoba chakumwamba, ndipo dzira likatembenuzidwa mluzawo umatha kumatuka kapena kupsinjidwa ndi mbali yachikasu.

Choncho kontena yoikira iyang'anidwe m'mawa ndi madzulo nyengo yoikira ikafika. Mazira akapezeka, dothi lichotsedwe pang'onopang'ono ndi chala, ndipo dzira lisananyamulidwe pamwamba pake palembedwe kachizindikiro ndi pensulo yofewa, mosakanikiza. Linyamulidwe mmene lagonera, likagonekedwe m'kadzenje kake kachizindikiro kali kumwamba, theka lili m'vermiculite, theka lili pamtunda. Mazira awiri akamatirirana asalekanitsidwe, chifukwa chigoba chimang'ambika, agonekedwe limodzi. Pachivindikiro palembedwe tsiku loikira, dzina la mayi, la bambo ndi kutentha kumene akufungatiridwa.

Kutentha ndi zimene kumasankha

Kwa nalimata wamawanga, kutentha kumagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kufulumizitsa kapena kuchedwetsa kukula kwa mluza. Pa madigiri 31 mpaka 32, mazira amaswa pakatha masiku 35 mpaka 45. Pa madigiri 26 mpaka 27 amatenga pafupifupi miyezi iwiri kapena kuposerapo. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24 kwa nthawi yaitali, kapena kukakwera kupitirira 35, miluza yambiri imafa.

Ntchito yachiwiri ndi kusankha kuti mwana akhale wamkazi kapena wamphongo. Kwa anthu ndi ziweto zoyamwitsa zimenezi zimatsimikizika pa nthawi yotenga pakati, koma kwa nalimata wamawanga zimatsimikizika m'milungu yoyambirira ya kufungatira, malinga ndi kutentha kwa pamalo. N'chimodzimodzi ndi ng'ona za mumtsinje wa Shire ndi mitundu yambiri ya akamba. David Crews ndi anzake a ku University of Texas at Austin anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anapeza kuti pa madigiri 26 pamaswa aakazi okhaokha, pa 30 aakazi amachulukabe koma amphongo amapezeka, pa 32.5 amachuluka ndi amphongo, ndipo pa 34 mpaka 35 aakazi amachulukanso. Anapezanso kuti kutentha kwa m'dzira kumakhudza khalidwe la nalimata akakula: aakazi oswedwa pa kutentha kumene kumatulutsa amphongo ambiri amakhala aukali kuposa anzawo.

Wongoyamba kumene amachita bwino kusankha madigiri 28 kapena 29. Pamenepa makina akalakwitsa ndi digiri imodzi kapena ziwiri, kukwera kapena kutsika, mazira amakhalabe pabwino. Wofuna amphongo pa madigiri 32 amakhala pafupi kwambiri ndi malire oopsa, ndipo kulakwitsa pang'ono kumamutayitsa mazira.

Nalimata wa ku New Caledonia ndi wosiyana. Mazira ake amafuna madigiri 22 mpaka 25, amaswa pakatha masiku 60 mpaka 120, ndipo kutentha kopitirira madigiri 28 kumawaononga. M'nyumba zambiri za ku Markham mazira amenewa safuna makina. Kontena imangoikidwa pashelefu m'chipinda chimene kutentha kwake sikusinthasintha.

Makina ofungatirira

Pali makina opangidwira mazira a nyama zokwawa, ndipo ena mwa iwo amatha kutenthetsa komanso kuziziritsa. Oweta ambiri amagwiritsanso ntchito Hova-Bator, bokosi lopepuka limene linapangidwira mazira a nkhuku. Wogwiritsa ntchito makina otere achotse chotembenuzira mazira ndipo atsitse kutentha, chifukwa madigiri 37.5 oswera anapiye amapha mluza wa nalimata. Ena amapanga okha pogwiritsa ntchito cooler box, chingwe chotenthetsa ndi thermostat, kachipangizo kamene kamazimitsa ndi kuyatsa chotenthetsacho kuti kutentha kukhale pamlingo umodzi. Chotenthetsa chilichonse chopanda thermostat n'choopsa kwa mazira komanso kwa nyumba.

Nambala yooneka pamakina siyenera kukhulupiriridwa yokha. Pamafunika themometa ina ya digito, yokhala ndi kachingwe kofika pamene pagona mazira, makamaka yotha kusunga kutentha kwapamwamba ndi kwapansi kwa tsikulo. Ku Canada nyengo imayezedwa mu Celsius, koma zipangizo ndi mabuku ambiri a oweta amachokera ku United States ndipo amalemba mu Fahrenheit. Madigiri 28 a Celsius ndi pafupifupi 82 a Fahrenheit, ndipo 32 ndi pafupifupi 90. Makina ayatsidwe sabata yathunthu mazira asanabwere, kontena ili kale mkatimo, kuti zolakwika zonse zioneke padakali nthawi. Mabotolo angapo odzaza madzi, otsekedwa bwino, akaikidwa pansi m'makinamo amasunga kutentha ndipo amachepetsa kusinthasintha pamene chitseko chatsegulidwa.

Nyengo ya ku Markham

Nyengo yoikira imayamba pakati pa chisanu n'kutha chilimwe chitadutsa, choncho woweta wa ku Markham amakumana ndi mavuto a mbali zonse ziwiri. Mu Januwale ndi Febuluwale usiku kumatha kuzizira kupitirira madigiri 10 pansi pa ziro. Nyumba zambiri zimatenthetsedwa ndi ng'anjo ya gasi imene imapopera mpweya wofunda m'zipinda, ndipo mpweya umenewu ndi wouma kwambiri. Kontena yokhala ndi mabowo ambiri imauma msanga m'miyezi imeneyi. Mabanja ambiri amatsitsanso kutentha kwa m'nyumba usiku, zimene zimakhudza mazira ongokhala pashelefu.

Mu Julayi ndi Ogasiti vuto limatembenuka. Masiku ena kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo chipinda cham'mwamba choyang'ana kudzuwa chimatentha kuposa pamenepo. Makina ongotenthetsa sangathe kutsitsa kutentha. Chipinda chikafika madigiri 33, mkati mwa makina mumafikanso pomwepo. Malo abwino ndi chipinda chapansi pa nyumba, chimene chimakhala chozizirirapo chaka chonse, bola makinawo akhale patebulo osati pasimenti, kutali ndi ng'anjo, zenera ndi potulukira mpweya.

Magetsi nawonso amazima, ngakhale si kawirikawiri. Mu Disembala 2013 mvula yaayezi inathyola mitengo ndi mawaya ku Toronto ndi ku York Region, kuphatikizapo Markham, ndipo mabanja ambirimbiri anakhala opanda magetsi, ena kwa masiku angapo. Pa 21 Meyi 2022 mphepo yamkuntho inawononganso mawaya m'madera ambiri a kum'mwera kwa Ontario. Magetsi akazima, makina asatsegulidwe, afunditsidwe bulangete, ndipo kutentha kuziyang'aniridwa kudzera pa themometa ya kachingwe. Kukayamba kutsika kwambiri, botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'thaulo liikidwe mkati, koma lisakhudze kontena ya mazira. Mluza umapirira kuzizira pang'ono kwa maola angapo kuposa mmene ungapiririre kutentha kopyola muyeso, choncho wothandiza asapyoze.

Kuunika mazira ndi mavuto ake

Dzira lamoyo limakhala loyera, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri limalimba. Lopanda mluza limakhala lachikasu, lowotcherera, ndipo silichedwa kufota kapena kuchita chuku. Kuti atsimikize, woweta amaunika dzira ndi katochi kosatentha m'chipinda chamdima, osalinyamula kapena atalinyamula mmene lagonera. Lamoyo limaonetsa kabwalo kofiira chakumwamba, ndipo pakapita sabata kapena ziwiri mitsempha ya magazi imaoneka itayala mkati, dzira lonse n'kumawala mofiirira. Lopanda kanthu limangowala chikasu. Kumapeto dzira limada mkati chifukwa mwana walidzaza. Kuunika kamodzi kapena kawiri n'kokwanira.

Dzira likayamba kubonyoka masiku oswa asanakwane, ndiye kuti chinyezi chachepa. Kontena iyezedwe, madzi abwezeretsedwe, ndipo kandere konyowa pang'ono kaikidwe pamwamba pa dziralo kwa masiku ochepa. Likafufuma mopitirira ndi kuchita thukuta padakali nthawi, madzi achuluka. Chuku chochepa chipukutidwe ndi kathonje kouma, chifukwa dzira lamoyo limatha kuswa ngakhale lili ndi mabanga. Dzira lokayikitsa lisamutsidwire m'kontena yakeyake, ndipo litayidwe pokhapokha litaphwa, litasintha mtundu ndi kununkha.

Tsiku loswa

Kuswa kukayandikira, dzira limachita timadontho ta madzi pachigoba ndipo limabonyoka pang'ono. Mwana amang'amba chigoba ndi timano tapadera takutsogolo kwa mlomo, timene timagwa pasanapite nthawi. Kawirikawiri amatulutsa mphuno kapena mutu wokha, n'kukhala choncho kwa maola angapo akuphunzira kupuma ndi kumaliza kulowetsa m'mimba chakudya chotsala cha m'dzira. Apa m'pamene ongoyamba kumene ambiri amaononga ntchito ya miyezi iwiri: amadula chigoba kapena kumukoka mwanayo poganiza kuti wakanika. Mwana wokokedwa amatuluka ndi kathumba ka chakudya kali panja, amataya magazi, ndipo nthawi zambiri sakhalitsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mazira awiri oikiridwa limodzi amatha kusiyana tsiku limodzi kapena awiri poswa, choncho lotsalalo lisakhudzidwe.

Mwana akatuluka yekha n'kuyamba kuyendayenda, achotsedwe kuti asagubuduze mazira ena. Wamawanga amaswa ali wa masentimita 7 mpaka 10, wolemera magalamu awiri kapena atatu, ali ndi mizere yopingasa yakuda ndi yachikasu imene imasanduka mawanga akamakula. Akaopsezedwa amayasamula n'kulira mokweza, ndipo atha kudula mchira. Wa nalimata wamawanga umaphukanso, koma wa ku New Caledonia ukaduka waduka. Mwana asagwidwe kumchira. Aloledwe kukwera yekha padzanja kapena m'kapu.

Kulera ana

Mwana aliyense akhale m'kontena yake, pansi poyalidwa pepala lopukutira m'manja, osati mchenga, chifukwa mchenga ukamezedwa umatseka matumbo. Mukhale pobisala pouma, pobisala ponyowa ndi kambale kosazama ka madzi. Kwa wamawanga, mbali imodzi ya kontena ifunde madigiri 30 mpaka 32, inayo ikhale yozizirirapo. Masiku oyamba sadya. Amafundula khungu pakatha masiku atatu mpaka asanu, n'kudya khungulo, ndipo akatero m'pamene amayamba kusaka. Chakudya chake ndi tinkhululu ting'onoting'ono ndi mphutsi za mealworm, zosapitirira kukula kwa mutu wake, zowazidwa kashiyamu, tsiku lililonse. Mphemvu za mtundu wa dubia, zimene mabuku a ku United States amalimbikitsa, n'zosaloledwa ku Canada. Akafundula, zala ziyang'anidwe, chifukwa khungu lotsalira limamanga chala mpaka kuduka.

Kulemera kwa mwana aliyense kulembedwe sabata iliyonse. Wosanenepa, wotsekula m'mimba kapena woonda mchira apatulidwe msanga n'kupita naye kwa dokotala, chifukwa tizilombo ta Cryptosporidium timafalikira mosavuta pakati pa analimata amawanga. Mwana aperekedwe kwa mwini watsopano akafika magalamu 15 mpaka 20, akudya bwino, pamodzi ndi tsiku limene anaswa, mbiri ya makolo ake ndi malangizo a kasamalidwe.

Ukhondo wa pakhomo

Nalimata wooneka wathanzi amatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella m'chitosi chake. Mu 2024 bungwe la Public Health Agency of Canada linachenjeza anthu za matenda a Salmonella ochokera kwa analimata, amene anagwira anthu m'zigawo zingapo kuphatikizapo Ontario. Wogwira nalimata, mazira, chakudya chake kapena bokosi lake asambe m'manja ndi sopo. Makontena asatsukidwe musinki ya kukhitchini kapena pamene amasambitsira ana, ndipo makina ofungatirira asakhale pamalo okonzera chakudya. Ana osapitirira zaka zisanu, amayi oyembekezera, okalamba ndi anthu a chitetezo chochepa m'thupi ndiwo amadwala kwambiri, choncho ndi bwino asagwire nyama zimenezi.

Kufungatira mazira a nalimata sikulira zipangizo zodula. Sikelo, themometa yodalirika, thermostat, kontena ndi kope lolembamo zimakwanira. Mazira ambiri amene amalephera m'manja mwa ongoyamba kumene amafa chifukwa cha madzi ochuluka, kutentha kopyola muyeso, kutembenuzidwa ndi kugwidwagwidwa, ndipo zonsezi n'zopeweka. Woweta woyamba ayambe ndi wamkazi mmodzi wathanzi, afungatire mazira okhawo amene ana ake angathe kuwalera, ndipo asaiwale kuti mwana aliyense woswa m'manja mwake adzafuna womusamalira kwa zaka 15 kapena kuposerapo.